Chimanga chikapsa chili m'nyumba mwa wogulitsa, waluza ndani?

Ambiri timayamba kudzifunsa funso limeneli katundu atawonongeka kale. Tiyerekeze kuti venda wagwirizana ndi mlimi mtengo wa matumba 40 a chimanga Lolemba, wapereka theka la ndalama, wanena kuti galimoto ibwera Lachisanu. Lachitatu usiku akuba athyola nyumba, kapena moto wagwira. Mlimi akuti chimangacho chidali kale cha venda, choncho amalize kulipira. Venda akuti sadanyamule ngakhale njere imodzi, ndalama zake zibwerere. Onse awiri akulankhula ndi mtima woona, ndipo kwa a nyakwawa nkhani yotere kawirikawiri imatha ndi mawu oti mugawane pakati. Kukhoti woweruza amayamba wafunsa chinthu chimodzi: usiku wa Lachitatu uja, mwini wake wa chimangacho adali ndani?

Yankho lili m'lamulo la malonda a katundu, Sale of Goods Act, lomwe ndi mutu 48:01 m'malamulo a dziko lino ndipo lidatengera lamulo la ku England la 1893. Lamuloli limagawa malonda pawiri. Pali kugulitsiratu, pamene umwini wa katundu wachoka kwa wogulitsa n'kupita kwa wogula pa nthawi ya mgwirizano. Ndiye pali pangano lodzagulitsa, pamene anthu agwirizana zonse, mtengo ndi tsiku lomwe, koma umwini udzasamuka m'tsogolo, tsiku lina likakwana kapena chinthu china chikachitika, monga kumaliza kulipira. Pa Chingerezi choyambacho amati sale, chachiwiricho amati agreement to sell. Pangano lodzagulitsa limasanduka kugulitsiratu tsikulo likafika kapena chimene mumadikiracho chikachitika.

Kusiyana kumeneku kumaoneka ngati nkhani ya maloya, koma ndi kumene kumanena amene alire. Pokhapokha mutagwirizana mwina, chiopsezo chimatsata umwini. Katundu akapsa, akabedwa kapena akanyowa popanda wina wolakwa, waluza ndi mwini wake, kaya katunduyo ali m'manja mwake kapena ayi. Wochedwetsa dala kutenga kapena kupereka katundu ndiye amasenza zimene zawonongeka chifukwa cha kuchedwako, ndipo wosunga katundu wa mnzake ayenerabe kumusamala ngati munthu wanzeru, koma mfundo yaikulu ndi imeneyo.

Apa m'pamene ambiri a ife timadabwa. Pamsika timakhulupirira kuti chinthu chimakhala chako ukalipira, ena amati ukachinyamula. Lamulo silinena choncho. Ngati simudanene kanthu za umwini, ndipo katunduyo ndi wodziwika bwino, monga matumba awa 40 osokasoka ali pakonawa, ng'ombe iyi ya mawanga, njinga yamoto iyi ya nambala yakutiyakuti, komanso palibe china chotsala choti wogulitsa achite, umwini umasamuka pa mphindi imene mwagwirizana. Kuchedwa kwa malipiro kapena kwa galimoto sikusintha kanthu. Ku England kudali mlandu wa Tarling ndi Baxter mu 1827. Munthu adagula mulu wa udzu wouma wodyetsa ziweto mu Januwale, n'kugwirizana kuti adzalipira mwezi wotsatira ndipo udzuwo ukhalebe pamalo pomwepo mpaka Meyi. Udzu udapsa asadautenge. Khoti lidati udzuwo udali kale wa wogula, ndipo kuluzako n'kwake. Makhoti athu amawerenga milandu ya ku England ngati imeneyi akamatanthauzira lamulo lathu, popeza mawu ake ndi amodzimodzi. Ndiye venda wa matumba 40 uja, ngati matumbawo adali oyezedwa kale, osokedwa ndiponso olozedwa, mwina adzauzidwa kuti amalize kulipira chimanga chimene sadachione n'komwe pa galimoto yake.

Mukasintha kachinthu kakang'ono, yankho limatembenuka. Ngati mlimi adalonjeza kuti ayamba wapeta chimangacho, kuchithira mankhwala ophera anankafumbwe ndi kuchiika m'matumba, umwini sudasamuke mpaka atachita zimenezo ndi kudziwitsa wogula. Ngati mtengo udali wa pa kilogalamu ndipo mlimi adayenera kuyeza pa sikelo kuti ndalama zonse zidziwike, umwini umadikira sikeloyo. Moto ukabwera zimenezi zisadachitike, chimanga chopsacho n'cha mlimi. Ndipo ngati katundu wolozedwa wawonongeka popanda wolakwa pamene mudakali pa pangano chabe, panganolo limafera pomwepo, ndipo venda ali ndi poyambira kufunsa ndalama zake.

Gawo limene limandidetsa nkhawa kwambiri ndi la katundu wosapatulidwa, chifukwa ndi mmene malonda ambiri a mbewu amayendera ku Mchinji, ku Kasungu, ku Jenda ngakhalenso m'magolosale akuluakulu a ku Limbe. Mumapita kwa wamalonda amene ali ndi matumba 600 a soya m'nyumba yosungiramo katundu, mumalipira matumba 100, amakulemberani lisiti, mumati mudzatenga sabata ya mawa. Mumtima mwanu mwagula. M'maso mwa lamulo muli ndi pangano basi, popeza palibe angaloze kuti mwa matumba 600 aja anu ndi ati. Umwini sungasamuke pa katundu wosadziwika. Ubwino wake ndi woti nyumbayo ikapsa simudaluze, wogulitsa ayenera kukupezerani soya wina kapena kukubwezerani. Kuipa kwake kumaoneka wogulitsayo akagwa m'ngongole.

Mlandu wa Re Wait, wa m'mabuku a milandu a 1927, udali wotere. Wamalonda wina adagula matani 1,000 a tirigu amene adali m'sitima ya pamadzi, n'kugulitsako matani 500 kwa anthu ena, omwe adalipira ndalama zonse. Sitima isadafike, wamalondayo adagwa mphwayi ndi ngongole, chuma chake n'kulandidwa kuti chigawidwe kwa onse amene adali nawo ngongole. Olipira matani 500 aja adapempha tirigu wawo. Khoti lidakana, likuti matani awo adali asadapatulidwe, choncho tirigu yense ngwa wogwa uja, ndipo iwo aime pamzere pamodzi ndi angongole ena onse. Tirigu adalipo ndithu, ndalama adalipira, koma adalibe thumba ndi limodzi lomwe loti alitche lawo. A ku England adaona nkhanza ya zimenezi n'kusintha lamulo lawo mu 1995 kuti wolipira gawo la mulu wodziwika azikhala mwini wa gawolo. Kusinthako n'kwa kwawoko, inu musakudalire pa Kanengo.

N'chifukwa chake ndimanena kuti wolipira asadanyamule asachoke pamalopo matumba ake asadakokeredwe pambali ndi kulembedwa dzina. Penti ndi kabulashi kakang'ono, kapena cholembera chakuda chija, ndi zotchipa kuposa thumba limodzi. Lisiti linene kuti matumba 100 olembedwa dzina lakuti, oikidwa kumanzere kwa chitseko, ndi a wogula kuyambira lero. Mukatero mwasandutsa pangano kukhala kugulitsiratu. Dziwaninso chimene mwadzitengera: kuyambira tsikulo makoswe, chinyontho ndi moto zikudya zanu. Choncho m'lisiti momwemo onjezani kuti wosunga ndiye adzayankha pa chilichonse chowonongeka mpaka tsiku lonyamula. Lamulo limalola kulekanitsa ziwirizi, umwini upite kwa wogula koma chiopsezo chitsale kwa wosunga. Kuti zitero payenera kulembedwa.

Malamulo onse ndafotokozawa amagwira ntchito pokhapokha eni malonda atakhala chete. Lamulo limayamba lafunsa chimene inu awiri mudafuna, ndipo likachipeza m'mawu anu limatsata chomwecho. Vuto ndi mapepala amene timalemba. Ambiri amati: Ine wakutiwakuti ndagulitsa ng'ombe yanga kwa akutiakuti pa mtengo wakuti, alipira mwakuti, zotsala adzamaliza pa 30. Pansi mboni ziwiri ndi chidindo cha amfumu. Pepalali lanena zonse kupatula chinthu chimodzi chimene anthu adzakanganire. Ng'ombe ikafa pa 20 ili m'khola la wogulitsa, mawu oti ndagulitsa adzamutsamira wogula. Ndipo wogula akaitenga n'kulephera kumaliza pa 30, mawu omwewo adzamutsamira wogulitsa, chifukwa ng'ombeyo si yakenso. Sangapite kukaimasula m'khola la mnzake usiku, akatero akhoza kudzipalira mlandu wina. Chake chatsala ndi ngongole, akasumire ndalama.

Mzere umodzi wokha ndi umene ukusowa. Wogulitsa amene akupereka katundu asadalandire zonse alembe kuti ng'ombeyi ikhalabe yanga mpaka ndalama yomaliza italipidwa, koma ikafa kapena kubedwa ili m'manja mwa wogula, adzalipirabe. Wogula amene walipira zonse koma sadanyamule alembe zosiyana ndi zimenezo. Mutu wa pepala si umene khoti limayang'ana kwambiri. Mukhoza kulemba pamwamba ndi zilembo zikuluzikulu kuti PANGANO, pamene mawu a m'kati akusonyeza kuti mudagulitsiratu, ndipo woweruza adzatsata za m'katizo.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti malonda a pamsika amayenda ndi chikhulupiriro, ndipo ukatulutsa pepala pamaso pa munthu amene wakhala ukumuoda tomato zaka khumi ndiye kuti wamutukwana. Pa dengu la tomato ndikuvomereza, musavutike. Malonda otha lero lomwe, ndalama uku katundu uku, safuna zonsezi. Koma malonda alionse amene pakati pa kugwirizana ndi kumaliza pali usiku, ngakhale umodzi, ndipo ndalama zake mutaziluza mpamba ungathe, amafuna mzere umenewu. Sufunikanso kukhala pa pepala la loya. Uthenga wa pa WhatsApp umene mnzanuyo wayankha kuti chabwino, pamodzi ndi uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wosonyeza zimene mwatumiza, ndi poyambira pabwino kuposa kudalira zimene mboni idzakumbuke patatha chaka. Maubale ambiri a pamsika amatha chifukwa aliyense adamva zake pa tsiku la malonda.

Mitengo ikamayenda ngati mmene imayendera kuno, nkhaniyi imakula. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene adali ndi malonda osamaliza a feteleza, malata kapena simenti adadzuka akuyang'anizana ndi mitengo ina. Wogulitsa amene adalandira ndalama pa mtengo wakale amayamba kupeza zifukwa. Apa kusiyana kwa mitundu iwiri ya malonda kumaoneka bwino. Ngati mudagulitsiridwa ratu, matumba a feteleza olembedwa dzina aja ndi anu, mukhoza kufunsa katunduyo payekha, ndipo wogulitsa akamugulitsa kwina wagulitsa chinthu cha mwini. Ngati lidali pangano chabe, chimene mungasumire kawirikawiri ndi chipukuta misozi, chomwe amachiwerengera potenga mtengo wa pamsika pa tsiku limene katundu adayenera kuperekedwa n'kuchotsapo mtengo wa pangano lanu. Tiyerekeze mudagwirizana K50,000 pa thumba, tsiku lotenga lafika thumba lili pa K70,000. Choluza chanu ndi K20,000 pa thumba, kuwonjezera pa kubwezeredwa zimene mudalipira. Pa pepala zikuoneka zokwanira. Koma mlandu umatenga nthawi, mvula siidikira, ndipo ndalama yodzalandira chaka cha mawa sidzagula thumba lomwelo. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ngakhale wogulitsiridwa ratu asasiye katundu nthawi yaitali kwa wogulitsa, chifukwa wogulitsayo akamugulitsanso kwa munthu wachiwiri wosadziwa kanthu, amene walipira ndi kunyamula, lamulo limateteza wachiwiriyo. Woyamba amatsala ndi mlandu ndi wogulitsa, katundu atapita.

Kwa wogulitsa zilinso chimodzimodzi, kungotembenuza. Mitengo ya nandolo kapena soya ikagwa, wogula ndiye amathawa. Ngati umwini udasamuka kale, wogulitsa amasumira mtengo wonse. Ngati udali usadasamuke, katundu ngwake ndithu, amugulitse kwina, ndipo asumire kusiyana kwa mitengoko. Wogulitsa amene sadalipidwe alinso ndi ufulu wokaniza katundu amene adakali m'manja mwake, ngakhale umwini utapita kale, mpaka atalandira ndalama, pokhapokha ngati adavomera yekha kupereka pa ngongole.

Mbewu ili m'munda ndi nkhani yaifupi. Chimene sichidakololedwe n'kupatulidwa kawirikawiri chimagulitsidwa mwa pangano basi. Venda amene amapereka ndalama mu Febuluwale, nthawi ya njala, kuti adzatenge matumba asanu a mpunga kapena mtedza mu Meyi, alibe thumba lililonse mpaka mlimi atakolola ndi kumupatulira. Alibe ufulu wolowa m'munda ndi antchito ake n'kuyamba kukumba. Ndipo malonda ambiri a mtunduwu, tinene zoona, ndi katapila wovala malaya a malonda. Chimodzimodzi katundu wopatsidwa kuti ukagulitse, wotsala ukabweze, monga amachitira ena ndi buledi, zovala kapena ziwiya: amakhalabe wa mwini mpaka wotengayo atasonyeza kuti wamulandira, atamugulitsa, kapena atamusunga kupitirira nthawi yobwezera. Tsiku lobwezeralo lizinenedwa.

Tsopano za ogulitsa pang'onopang'ono, maka njinga zamoto za kabaza, mafiriji, makina osokera ndi zigayo. Mzere uja woti katundu ngwanga mpaka utamaliza ndi wofunika, koma uli ndi malire amene ogulitsa ambiri sawadziwa. Umakutetezani pakati pa inu ndi wogula. Sukutetezani mokwanira kwa munthu wachitatu. Mu 1893, pa mlandu wa Lee ndi Butler, mayi wina adatenga mipando ndi katundu wa m'nyumba pa pangano lomukakamiza kulipira kawiri kenako katunduyo akhale wake. Asadamalize adagulitsa kwa munthu wosadziwa za panganolo. Khoti lidati wogula wosadziwayo asunge katunduyo, chifukwa mayiyo adali munthu amene adavomera kugula ndipo adapatsidwa katundu ndi mwini wake. Patangotha zaka ziwiri, mu 1895, pa mlandu wa Helby ndi Matthews, munthu adatenga piyano mobwereka, akulipira mwezi ndi mwezi, ali ndi ufulu woibweza nthawi iliyonse kapena kupitiriza mpaka ikhale yake. Adakaipinyolitsa. Khoti lalikulu la House of Lords lidati mwini piyano aitenge, popeza wobwerekayo sadalonjeze kugula, adangopatsidwa mwayi. Pa kusiyana kwakung'ono kumeneku m'pamene padamera malonda a hire purchase amene masitolo a mipando amachita mpaka lero.

Wogulitsa njinga zisanu kapena khumi pa chaka sangalembe mapepala ngati a sitolo yaikulu. Chimene angachite ndi kusapereka buku la njinga ndi kusasintha dzina ku Road Traffic mpaka ndalama zitatha, chifukwa munthu wogula njinga ya dzina la wina, yopanda buku, zimamuvuta kuuza khoti kuti sadakayike chilichonse. Chachiwiri ndi kaundula wa chikole cha katundu amene adabwera ndi lamulo la Personal Property Security Act la 2013, yemwe ali pansi pa ofesi ya Registrar General. Wogulitsa pa ngongole akhoza kulembetsamo kuti pa katundu wakuti pali ndalama zake, ndipo wogula galimoto, thalakitala kapena chigayo chogwirapo kale ntchito akhoza kufufuzamo asadalipire. Mabanki ndi amene amamugwiritsa ntchito kwambiri kaundulayu. Amalonda apakati, amene ndalama zawo zili m'manja mwa anthu ena chaka chonse, ndi amene amafunika kumudziwa kuposa mabankiwo.

Palinso nkhani ya ndalama yoyamba ija. Tonse timangoti dipoziti, koma makhoti amasiyanitsa. Pali ndalama ya chikole, yosonyeza kuti wogula sakuseka, yomwe imapita ngati iye mwini wathawa malonda. Ndiye pali kulipirako gawo la mtengo, komwe wogula akalephera kupitiriza akhoza kufunsa kuti kubwerere, wogulitsa atachotsapo zimene waluza. Munthu amene wapereka theka la mtengo wa galimoto, pa lisiti n'kulembedwa mawu amodzi oti dipoziti, waika theka lonselo pa ngozi popanda chifukwa. Ine ndingalangize kuti chikole chikhale chochepa, chotchulidwa padera, ndipo zotsalazo zilembedwe kuti ndi gawo la mtengo. Wogulitsa wokana kusiyanitsa zimenezi wakuuzani kale maganizo ake.

Pa malo ndi nyumba lamulo la malonda a katundu siligwira, kuli malamulo ena, koma kusiyana kwa pangano ndi kugulitsiratu n'komwe kumapweteka anthu ambiri kumeneko. M'mbali mwa Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu mwadzaza zikwangwani za mapuloti olipira kwa miyezi 12, 24 kapena 36. Pepala limene mumasaina tsiku loyamba ndi pangano lodzagulitsa. Simudagule malo. Pa malo a m'kaundula wa Registered Land Act, mwini wake ndi amene dzina lake lili m'kaundulamo, ndipo umwini umasamuka chikalata chosinthira chikalembetsedwa ku ofesi ya malo. Lisiti, kalata yokupatsani nambala ya puloti ngakhale njerwa zimene mwaunjikapo sizisintha dzina la m'kaundula. Pa miyezi 36 imeneyo kampani ikhoza kukhala kuti idapinyolitsa munda wonsewo ku banki, kapena sidamalize kulipira amene idawagula malowo, kapena puloti yomweyo yalonjezedwa kwa anthu awiri.

Sindikunena kuti kugula pang'onopang'ono n'koipa. Kwa mphunzitsi, namwino kapena mayi wogulitsa kaunjika, ndi njira yokhayo yopezera malo m'tauni, ndipo kampani ili ndi chifukwa chomveka chosungira umwini mpaka italandira zonse. Chimene ndimatsutsa ndi pangano la mbali imodzi, lonena mwatsatanetsatane chimene chidzachitike wogula akaphonya mwezi koma losanena kanthu za chimene chidzachitike kampani ikalephera kupereka chikalata. Musadasaine, funsani nambala ya chikalata cha munda wonsewo, mukafufuze ku ofesi ya malo kuti uli m'dzina la yani ndipo pali ngongole yanji. Mukasaina, lamulo la Registered Land Act limalola munthu amene ali ndi gawo pa malo, monga wogula wa pangano, kuikitsa chenjezo m'kaundula, chimene amachitcha caution, kuti malowo asasinthidwe dzina iye osadziwa. Ndalama ya loya pa ntchito imeneyi ndi yochepa poyerekeza ndi malipiro a zaka zitatu. Malo a kumudzi, a pansi pa mafumu, ali ndi malamulo akeake a Customary Land Act ya 2016, ndipo chidindo cha amfumu pa pepala la malonda sichisandutsa wogulitsa kukhala mwini wa malo a banja lonse.

Ku Philippines, komwe anthu ambiri amagula nyumba ndi mapuloti mwa njira yomweyi, mapepala awiriwa ali ndi mayina odziwika kwa aliyense: contract to sell ndi limene umasaina poyamba, deed of absolute sale ndi limene umalandira ukamaliza kulipira, lomwe limakatsegula njira yosinthira dzina pa chikalata. Kumeneko adaona kuti makampani amalanda malo ndi ndalama zomwe kwa munthu amene walipira zaka zambiri n'kuphonya miyezi yochepa, ndipo mu 1972 adakhazikitsa lamulo la Republic Act 6552, lodziwika kuti Maceda Law. Wolipira kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo akaphonya, amapatsidwa mwezi umodzi wopumira pa chaka chilichonse chimene adalipira. Pangano likathetsedwa, amabwezeredwa theka la ndalama zonse zimene adapereka, ndipo akadutsa zaka zisanu gawolo limakwera ndi 5 peresenti pa chaka mpaka kufika 90 peresenti. Wolipira kosakwana zaka ziwiri amapatsidwa masiku osachepera 60. Kampani singangodzuka n'kunena kuti pangano latha, iyenera kupereka chidziwitso cholembedwa mwalamulo ndi kudikira masiku 30.

Aphungu athu, amene adakhala pansi kukonza malamulo a malo mu 2016 ndi kuwasinthanso mu 2022, angachite bwino kuliwerenga lamulo limeneli, pakuti msika wa mapuloti olipira pang'onopang'ono wakula mofulumira m'zaka zapitazi. Pakadali pano chitetezo chachikulu cha wogula ndi mawu a m'pangano lake, choncho zimene a ku Philippines adaika m'lamulo inu zipempheni pa pepala: masiku angati opumira mukaphonya, gawo lanji lobwezedwa pangano likatha, ndalamazo zibwera pasanathe masiku angati, ndiponso kampani idzasaina chikalata chosinthira dzina pasanathe miyezi ingati mutamaliza kulipira. Wogulitsa mapuloti wa pa tebulo lakutsogolo adzakuuzani kuti fomu ndi imodzi kwa aliyense ndipo siisinthidwa. Pemphani kuonana ndi bwana wake, ndipo pitani ndi fomuyo kunyumba mukaiwerenge usiku umodzi musadatumize kwacha yoyamba.